Ganizo Si Lamulo

Matenda a bipolar amamkweza munthu m'chisangalalo chopitirira muyeso, namgwetsanso m'chisoni chakuya, ndipo ganizo lodzipha limatha kumfikira mwadzidzidzi. Njira ya ACT, imene Steven Hayes adaiyamba m'zaka za m'ma 1980, siilimbana nalo ganizolo. Imaphunzitsa wodwala kulizindikira kuti ndi ganizo chabe, kudikira osalimvera, ndi kuchita chimene amachilemekeza, monga kulera ana ake.

Ife ansembe a ku Phalombe tisafulumire kutchula ufiti kapena tchimo, pakuti Katekisimu wa 1992 amaphunzitsa kuti kusokonezeka kwakukulu kwa maganizo kungachepetse mlandu. Timmvetsere, timchotsere pafupi mankhwala ophera tizilombo, timperekeze ku chipatala cha Holy Family kapena ku Zomba Mental Hospital, popeza ACT siilowa m'malo mwa mankhwala a dokotala.