Maina a Nyama Zimene Zinatha: Malawisaurus ndi Mbumba Yake

Ife a ku Chigwa cha Shire tidziŵa kuti dzina likhoza kusintha malo ali omwewo, pakuti boma limene linkatchedwa Port Herald lero ndi Nsanje. Tidziŵanso kuti munthu ali ndi dzina lakelake, koma mfunda wake, kaya Phiri kaya Banda, ndiwo usonyeza abale ake. Akatswiri a zolengedwa amatsata njira yofanana ndi imeneyi potcha maina nyama, ngakhale zimene zinatha kalekale, zotsala mafupa okha osanduka miyala.

Malamulo a maina a nyama amayambira pa buku la Linnaeus la m'chaka cha 1758. Nyama iliyonse ili ndi maina aŵiri olembedwa monga Chilatini: loyamba ndi la mtundu, lachiŵiri ndi la nyamayo payokha. Dzina limene linayamba kusindikizidwa ndilo likhala, ndipo dzina limodzi siliperekedwa kwa mitundu iŵiri.

Chitsanzo tili nacho m'dziko lathu lomwe lino. Frank Dixey, mkulu wa akatswiri a miyala mu Nyasaland, anatola mafupa a chinyama chachikulu m'boma la Karonga, ndipo mu 1928 Sidney Haughton anachitcha Gigantosaurus dixeyi. Amene anaphunzira Chilatini aona msanga kuti dixeyi ndiye kuti "wa Dixey". Koma dzina loti Gigantosaurus linali ndi mwini kale, popeza Harry Seeley analipereka kwa mafupa a ku England mu 1869. Tsono chinyama chathucho anachisamutsira ku mtundu wa Tornieria, wa ku Tendaguru m'dziko la Tanzania. Mu 1993 Louis Jacobs ndi anzake, pamodzi ndi Mmalaŵi Elizabeth Gomani, atakumba mafupa ena, anaona kuti chinyamacho chisiyana ndi Tornieria, nachipatsa mtundu wakewake, Malawisaurus, kutanthauza buluzi wa ku Malaŵi. Dzina lachiŵiri lija silinasinthe, chifukwa lamulo liteteza limene linayamba.

Maina a magulu ndiwo avuta koposa. Dzina la banja la nyama limatengedwa ku dzina la mtundu umodzi wa m'banjamo, nkuwonjezapo -idae. Chotero kuchokera ku Titanosaurus, dzina limene Richard Lydekker anapereka mu 1877 kwa mafupa a ku India, kunabadwa banja la Titanosauridae. Koma mu 2003 Jeffrey Wilson ndi Paul Upchurch anasonyeza kuti mafupa a ku India aja ngochepa, osakwana kusiyanitsa nyamayo ndi zinzake. Mzati ukafumbwa, nkhokwe siima. Kuyambira pamenepo akatswiri ambiri analeka dzina la banjalo, nkumagwiritsa ntchito Titanosauria, dzina la gulu lalikulu lopanda mapeto aja a -idae.

Masiku ano gulu amalilongosola monga mmene Amang'anja aŵerengera mbumba: onse otuluka mwa kholo limodzi. Amasankha nyama ziŵiri zodziŵika bwino, nanena kuti gulu ndi kholo lawo lapafupi pamodzi ndi zidzukulu zake zonse. Mu 2004 Upchurch ndi anzake anakhazikitsa motero gulu la Lithostrotia, ndipo nyama ziŵiri zimene anasankha ndi Saltasaurus wa ku Argentina ndi Malawisaurus. Ndiye kuti katswiri aliyense, kulikonse kumene ali, akafuna kudziŵa ngati chinyama chimene wapeza chili m'gulu limeneli, ayenera kuchilinganiza ndi mafupa a ku Karonga.

Gomani anapitiriza ntchitoyi. Mu 1997 anatcha m'bale wa ng'ona Malawisuchus mwakasyungutiensis, pokumbukira dera la Mwakasyunguti kumene anapezeka, ndipo mu 2005 anatcha chinyama china Karongasaurus. Apa tiona kusintha kumene kunachitika: kale dzina linkalemekeza mlendo wotola mafupa, pambuyo pake linayamba kutchula dziko ndi midzi imene inasunga mafupawo. Wofuna kuona ukulu wa Malawisaurus apite ku nyumba yosungiramo zakale ya ku Karonga, yotsegulidwa mu 2004, kumene chifaniziro cha mafupa ake chinaimikidwa.