Timadula makorali kuti akhale ndi moyo

Anthu akwathu ku Ndunde akandifunsa za ntchito imene ndimagwira ku Durban, ndimawauza kuti ndimasamalira matanki agalasi a madzi amchere m'nyumba za anthu ndi m'maofesi. Pamenepo palibe amadabwa, poti nsomba zowetedwa m'galasi ambiri anazionapo pa kanema. Mutu umayamba kuwazungulira ndikanena kuti mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi kudula makorali ndi pulayazi n'kumata tizidutswa take ndi guluu. Amafunsa kuti: chinthu chimene mwini nyumba anagula ndi ndalama zankhaninkhani, inu mukuchithyoleranji?

Poyamba tidziwe kuti korali n'chiyani. Ukamuona umayesa mwala kapena kamtengo kouma, koma ndi gulu la tinyama tofewa, ting'onoting'ono, kalikonse kali ndi pakamwa pozunguliridwa ndi timanja. Tinyamati timachulukana pogawikana, kamodzi n'kukhala tiwiri, tiwiri n'kukhala tinayi, ndipo timatenga mchere wina m'madzi n'kumanga chigoba cha laimu chimene timakhalapo. M'matupi mwake mumakhala ndere zosaoneka ndi maso, zimene zimapanga chakudya kuchokera ku kuwala n'kumadyetsa koraliyo. N'chifukwa chake pamwamba pa thanki timayikapo magetsi amphamvu. Madzi timawasunga ofunda pakati pa madigiri 24 ndi 26, ndipo pa lita iliyonse pamakhala mchere wokwana magalamu pafupifupi 35. M'nyanja yathu ya Malawi mulibe makorali chifukwa madzi ake si amchere.

Popeza kanyama kalikonse n'kokwanira pakokha, nthambi ikathyoka siifa. M'nyanja yamchere mafunde a namondwe amathyola nthambi za makorali a mtundu wa Acropora, ndipo zina zikagwera pamalo olimba zimagwira n'kuyamba kukula. Mlimi wa ku Chiradzulu zimenezi sangazione zachilendo, chifukwa chinangwa sabzala njere: amadula mtengo wake n'kuuzika, ndipo chimene chimamera ndi chinangwa chomwe chija. Ife timangochita ndi manja zimene mafunde amachita mwangozi.

Chifukwa choyamba chodulira ndi nkhondo. Makorali amaoneka ofatsa masana, koma magetsi akazimitsidwa usiku ena amatulutsa timanja tatitali toluma n'kuwotcha mnzawo amene wayandikira. M'mawa umapeza mbali imodzi ya korali wokongola yayera, nyama yasupuka, kwatsala chigoba. Ena salimbana ndi timanja koma amathira mankhwala m'madzi, enanso amangokula msanga n'kutchinga anzawo kuwala. Acropora amene wapeza malo abwino amatha kutalika masentimita 10 pa chaka, pamene makorali ooneka ngati mabwe, monga Porites, amakula mwina sentimita imodzi yokha. M'nyanja malo ndi ambiri, koma thanki ndi ya mita imodzi kapena iwiri. Ukapanda kudulira, pakapita zaka zingapo wamphamvu amatsala yekha, ndipo nthambi zake zam'munsi zimafa chifukwa madzi sakudutsamo bwino.

Chifukwa chachiwiri ndi chimene ine ndimachilemekeza kwambiri. Thanki imakhala ndi moyo chifukwa cha magetsi. Pampu ikaima usiku wonse, mpweya m'madzi umatha, ndipo zimene munthu wasamalira zaka zambiri zimafa kusanache. Kuno ku South Africa, pa zaka zimene magetsi ankazimazima tsiku ndi tsiku, anthu ambiri anataya matanki awo motero. Amene anapezako polira pabwino ndi amene anagawira anzawo tizidutswa. Korali wako akafa, umapita kwa mnzako uja, iye n'kukudulira kanthambi ka korali yemwe uja, mtundu womwewo, maonekedwe omwewo. Munthu woumira, wosafuna kuti wina akhale ndi korali wofanana ndi wake, tsoka likamugwera amayambira pansi penipeni.

Timadulanso pofuna kupulumutsa wodwala. Pali matenda amene amasupula nyama ya korali kuchokera pansi kupita m'mwamba, nthawi zina m'maola ochepa chabe. Zikatero sitizengereza. Timadula nsonga zimene zikadali zabwino, patali ndithu ndi pamene pafika matenda, zotsalazo n'kutaya.

Kadulidwe kake si kovuta, koma kamafuna manja odekha. Patebulo ndimayika mbale ziwiri za madzi ochokera m'thanki momwemo, ina yothira madontho a ayodini. Ndimatulutsa korali, n'kusankha nthambi yathanzi yotalika ngati kachala kakang'ono, n'kuikanikiza ndi pulayazi yodulira mafupa. Imalira kuti thyo, ndipo pamalo podukapo pamaoneka poyera ngati choko. Korali amatulutsa zonanda zambiri, fungo lake lam'nyanja limakhala m'manja mpaka madzulo. Kachidutswako ndimakaviika m'madzi a ayodini aja, kenako ndimapukuta kunsi kwake, n'kudontheza supaguluu wokhuthala pa kachitsa ka simenti, n'kukhazikapo. Guluuyu akakhudza madzi amauma msanga ndipo sapweteka korali. Ndikatero ndimakabwezera m'thanki pamalo pamene madzi akuyenda bwino koma kuwala sikwamphamvu kwambiri. Pakatha milungu ingapo nyama imayamba kuyanga pa guluu mpaka pa simenti, ndipo ukaona zimenezo umadziwa kuti kagwira. Makorali okhala ngati mabwe timawacheka ndi kamakina ka macheka. Ofewa, opanda chigoba, timawadula ndi lezala n'kuwamangirira pa kamwala ndi labala, chifukwa guluu sagwira pa thupi loterera.

Apa ndichenjeze aliyense amene angadzagwire ntchitoyi, makamaka anyamata akwathu amene amabwera kuno n'kupeza ganyu yotsuka matanki. Makorali ena ofewa a mtundu wa Palythoa ali ndi poizoni woopsa kwambiri. Akalowa pa bala kapena m'maso, ngakhale kupuma nthunzi yake munthu akathira madzi otentha pa mwala umene ali, munthu amagonekedwa m'chipatala. Magolovesi ndi magalasi oteteza maso si zodzionetsera, ndipo bwana amene sakupatsani zimenezi akusewera ndi moyo wanu.

Nkhani ya ndalama nayonso ilipo, sindingabise. Tizidutswa timagulitsidwa, ndipo oweta amakumana n'kumasinthana. Ena amanyansidwa ndi malonda amenewa, koma ine ndimawaona mwina. Kale pafupifupi korali aliyense wa m'thanki ankachita kugumulidwa m'nyanja. Masiku ano makorali a chigoba ali pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zamoyo zachilengedwe, ndipo sawoloka malire popanda chilolezo. Dziko la Indonesia, limene linkatumiza makorali ochuluka kwambiri kunja, linaimitsa malondawa mu 2018 n'kudzawatsegulanso mu 2020. Pa nthawi imeneyo anthu anapitirizabe kuweta chifukwa cha tizidutswa tochokera m'matanki a anzawo. Kachidutswa kobadwira m'thanki kamapiriranso kuposa kochokera m'nyanja, poti kanazolowera kale magetsi ndi mchere wosungunula.

Ife Amalawi tili ndi phunziro lathulathu pa nkhani imeneyi, ngakhale ndi la nsomba. Mbuna za m'nyanja ya Malawi zimawetedwa m'matanki dziko lonse lapansi. Imodzi mwa izo, saulosi, imene inatchedwa dzina la Saulos Mwale amene ankagwira ntchito yogwira nsomba zotere pansi pa madzi, imapezeka pa mwala umodzi wokha wa Taiwanee, kufupi ndi chilumba cha Chizumulu. Chifukwa chokondedwa ndi oweta, inagwidwa mpaka kutsala pang'ono kutha pamalopo. Koma m'matanki inali itaswana yochuluka, ndipo kuyambira mu 2013 anthu okonda mbuna anayamba kubwezera pa mwalawo saulosi zoswedwa ndi anthu. Malonda omwe anaiwononga ndi omwenso anasunga mbewu yake.

Luso la lumo ndi guluu lafikanso m'nyanja zamchere. Mu 1998 madzi atatentha kwambiri, makorali ambiri a m'nyanja ya Indian anataya ndere zawo zija, n'kuyera mbee, ochuluka n'kufa ndi njala. Zoterezi zinabweranso mu 2016 ndi mu 2024. Ku Florida, Ken Nedimyer, amene poyamba ankagwira nsomba zogulitsa kwa oweta, anayambitsa bungwe la Coral Restoration Foundation mu 2007, ndipo bungweli limapachika tizidutswa pa mapaipi pansi pa nyanja mpaka titakula n'kukatimata pa matanthwe. David Vaughan, pamene ankagwira ntchito ku Mote Marine Laboratory, anapeza kuti makorali ochedwa kukula aja ukawadula tizidutswa ting'onoting'ono kwambiri amakula mofulumira kangapo. Ku Seychelles ndi ku Kenya akuchitanso zomwezo.

Komabe kudula kuli ndi malire ake, ndipo anzanga ena sakonda kuwatchula. Tizidutswa 100 tochokera kwa korali mmodzi ndi korali mmodzi yemweyo. Ngati kholo silipirira kutentha, tonse tidzayera tsiku limodzi, monga momwe khate la chinangwa limayendera ndi mitengo yodulidwa m'munda wodwala. Makorali atsopano enieni amabadwa pamene ambiri atulutsa mazira ndi mbewu yaumuna m'madzi usiku umodzi, motsatira mwezi ndi nyengo. Kwa nthawi yaitali zimenezi sizinkatheka kuzikonza dala m'thanki, mpaka mu 2013 pamene Jamie Craggs wa ku Horniman Museum ku London anakonza magetsi ndi kutentha kwa madzi motsanzira nyengo ndi kuwala kwa mwezi, makorali ake n'kuswa. Panopa malo ofufuzira angapo akutsatira njira imeneyi, ndipo ndi ntchito imene ndikufuna kuti achinyamata olowa m'gawo lathu aiphunzire pamodzi ndi kagwiridwe ka pulayazi.