Core i7 yakale kapena Xeon ya seva, iti yoyenera ndalama zanu?

M'magulu a Facebook ndi WhatsApp ogulitsa makompyuta akaunjika muli mawu amene akukopa anthu masiku ano: “Xeon, ma core 8, mphamvu za seva!” Mafana ofuna kuyamba situdiyo kapena kudula mavidiyo a maukwati akungothamangira. Ine ndati tiyeni tiziike pambali ziwiri zomwe zinatuluka chaka chimodzi, cha 2012: Core i7-3770 ndi Xeon E5-2670, zonse za Intel.

i7-3770 ndi ija imapezeka m'makompyuta a muofesi ngati Dell OptiPlex 7010 ndi HP Compaq Elite 8300. Ili ndi ma core anayi, liwiro lake limayambira 3.4 GHz n'kufika 3.9. Xeon E5-2670 ili ndi ma core asanu ndi atatu, koma imayambira 2.6 GHz n'kulekeza pa 3.3. Ikutuluka kumene, Xeon imeneyi inkagulidwa madola oposa 1,500, pomwe i7 inali pafupifupi 300. Nanga lero ikutchipiranji chonchi? Makampani akuluakulu atasintha maseva awo anaitaya pamsika yochuluka ngati mango a mu Disembala, ogula ochepa.

Nkhani ya ma core ndi pomwe ambiri amasokonekera. Core iliyonse muitenge ngati waganyu mmodzi. i7 ndi aganyu anayi achangu, Xeon ndi aganyu asanu ndi atatu ogwira mwachifatse. Ngati ntchito ndi youmba njerwa, gulu la asanu ndi atatu limaliza msanga, chifukwa aliyense ali ndi chikombole chake. Koma nsima ya mphika umodzi amavundula ndi munthu mmodzi, enawo angoima n'kumayang'ana. Pamenepo chofunika ndi changu cha wogwira mthikoyo basi. Kurenda vidiyo yaitali, kapena nyimbo ya matraki ambirimbiri mu FL Studio, ndi kuumba njerwa, ndipo Xeon imaonetsa mphamvu zake. Word, Excel, kutsegula intaneti, kusindikiza ma CV, ngakhale magemu ambiri akale, zimenezo ndi nsima, ndipo i7 imachita changu kuposa mnzakeyo. Ndiye ngati bizinesi yanu ndi yotaipa ndi kupanga fotokope, ma core asanu ndi atatu aja mwagula kuti azikhala pansi.

Pali china chomwe ogulitsa sakonda kunena. Xeon imeneyi ilibe gawo lotulutsa zithunzi pa sikirini, ndiye popanda graphics card simuona kanthu, sikirini bii. i7-3770 ili nalo mkati momwemo, la HD Graphics 4000, lofooka ndithu koma lokwana ntchito za tsiku ndi tsiku. Komanso ziwirizi sizikhala pa bodi imodzi: i7 imalowa pa soketi ya LGA1155, Xeon pa LGA2011. Musagule purosesa yokha poganiza kuti mukaiika mu OptiPlex yanu, siilowa olo mukakamize bwanji. Imafuna makina ngati HP Z420, Dell Precision T3600, kapena mabodi aja a X79 ochokera ku China, omwe ena ndi abwino, ena ndi mwayi wanu. Chabwino chake, imalandira RAM ya maseva ya ECC, yomwe yakale yake imatchipa, ndipo mutha kudutsa 32GB pomwe i7 imathera.

Magetsi nawo. Intel inalemba 77W pa i7 ndi 115W pa Xeon. Manambalawa kwenikweni amanena za kutentha, koma amatipatsa chithunzi: kusiyana kwa 38W, mukamaipanikiza maola khumi tsiku lililonse, ndi mayunitsi ngati 11 pamwezi, musanawerengere graphics card ija. Pa mita si zoopsa kwambiri, koma amene mumadalira sola ndi invata magetsi akazima, batire imva kuwawa. Ndipo m'kashopu kamalata mu Okutobala, fani izilira ngati chigayo mukapanda kupukuta fumbi.

Matenda amodzi zili nawo zonse: ukalamba. Windows 11 simavomereza iliyonse mwa ziwirizi, ndipo Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Zonse zilibenso AVX2, yomwe mapulogalamu ndi magemu ena atsopano amafuna kuti atseguke n'komwe. Ndiye musanapereke ndalama, onani kaye zomwe pulogalamu yanu ikufuna.

Kwa ine, wa ntchito wamba atenge i7 n'kuikamo SSD, aona kusintha kuposa kuwonjezera ma core. Xeon ndi ya amene amarenda tsiku ndi tsiku ndipo graphics card ali nayo kale. Pogula, uzani wogulitsa atsegule Task Manager kapena CPU-Z muwerenge nokha nambala yonse, chifukwa dzina loti Xeon lilipo pa mapurosesa ambirimbiri, ena a ma core awiri okha.