KUPANGA NGOLO PA MUDZI NDI KUIKONZERA ULENDO WA PA MSEU

Alimi ambiri a ku Mzimba, Kasungu, Mchinji, Lilongwe ndi Dedza adziwa kale ubwino wa ngolo. Katundu amene anthu khumi akadasenza pamutu tsiku lonse, ng'ombe ziwiri zimtuta ulendo umodzi. Ngolo ituta chimanga pokolola, ipititsa manyowa ku munda, itenga njerwa, mchenga ndi nkhuni, ndipo nthawi zina ndiyo ifikitsa wodwala ku chipatala. Ndiponso magudumu ache sakumba nthaka monga chichitira chirei, mphanda ya mtengo ija imene ng'ombe ziguguza pansi, imene isiya ngalande m'njira, mvula nkudzaikulitsa kufikira ikhala chigwembe.

Ngolo yogula yopangiratu iri ndi mtengo wokwera, chotero alimi ambiri amapanga yao pa mudzi ndi ekisero ya galimoto yakufa, mothandizana ndi kalipentala ndi mmisiri wowotcherera zitsulo. Ichi nchabwino ndithu. Koma ngolo yopangidwa mosasamala iononga ng'ombe. Izitupitsa makosi, izitsamwitsa pokwera mtunda, ndipo izikankha potsetsereka. Mlimi wotere apeza ngolo nataya ng'ombe, pomwe ng'ombezo nzamtengo wapatali koposa ngoloyo. M'nkhani ino tifotokoza kapangidwe kache, makamaka zinthu zimene ziteteza ng'ombe ndi anthu pa mseu.

KUSANKHA EKISERO NDI MAGUDUMU

Yambani ndi ekisero, pakuti miyeso yonse ya ngolo itsata iyo. Ambiri amagula ekisero ya kumbuyo ya galimoto yaing'ono yonyamula katundu. Imeneyi njolimba ngakhale kuti imalemera. Ena amatenga mbali zokha zimene magudumu amazungulirapo, naziwotcherera ku paipi yochindikala. Ekisero yotere njopepuka, koma ifuna mmisiri wodziwa, chifukwa akaziwotcherera mokhota magudumu sadzayenda moyang'ana kumodzi.

Pogula musanyengedwe ndi utoto. Akulu anati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Tukulani ekiseroyo pa mwala ndi kuzunguliza gudumu liri lonse ndi dzanja. Likamazungulira mwakachetechete, liri bwino. Likamalira ngati mchenga uli m'kati, kapena likamagwedera mukaligwedeza, mabering'i ache anatha, ndipo muyenera kuwerengera mtengo wa atsopano musanapereke ndalama. Yang'ananinso ngati chitsulocho chiri ndi mng'alu kapena chinapindika pa ngozi.

Magudumu onse awiri akhale a msinkhu umodzi. Sankhani a mainchi 14 kapena 15, pakuti matayala akale a misinkhu imeneyi apezeka m'misika yambiri. Ekisero ya galimoto yosowa ingakhale yotsika mtengo lero, koma tsiku limene tayala lidzang'ambike ngolo idzakhala miyezi iri pansi pa mtengo. Ikani machubu m'matayala. Chubu chikabooka ndi minga chimamatika pa mudzi pomwe monga cha njinga.

MITENGO NDI MATABWA

Mitengo yonse ikhale youma. Mtengo wauwisi ufota pouma, mabauti nkumasuka, ngolo nkuyamba kugwedera isanathe nyengo imodzi. Bulugama wokhwima akwanira bwino pa mitanda ya pansi ndi pa mtengo wokokera. Matabwa a paini ngopepuka ndipo ayenera m'mbali mwa bokosi, koma aola msanga ngati sapakidwa kanthu. Musadule mlombwa kapena mbawa m'nkhalango popanda chilolezo cha a za nkhalango.

Bokosi la mapazi 7 m'litali, mapazi 4 m'lifupi, ndi mbali zotalika phazi limodzi ndi theka likwanira nchito za pa mudzi. Koma yezani danga la pakati pa magudumu poyamba, kuti matayala asamakhule bokosi. Musalakelake bokosi lalikulu, pakuti munthu akaona malo otsala amafuna kuwadzaza, ndipo ng'ombe zathu zambiri nzazing'ono thupi.

Pansi pa bokosi pakhale mitanda iwiri yolimba yoyenda m'litali, ndi ina itatu kapena inai yopingasa. Lumikizani ndi mabauti okhala ndi mawashala, osati misomali yokha. Msomali uzuka ndi kugwedezeka kwa pa njira, koma bauti likamasuka mulimanganso ndi sipanala. Musanamange mabauti kotheratu, yezani ndi chingwe kuchokera ku ngodya ina kufika ku ngodya yopingasana nayo, kenaka yezaninso ngodya ziwiri zinazo. Miyeso iwiriyi ikafanana, bokosi laongoka. Thabwa la kumbuyo likhale lochotseka kuti kutsitsa manyowa ndi mchenga kusavute. Pomaliza pakani utoto kapena oilo wakale wa galimoto kunsi kwa bokosi ndi m'molumikizira monse, kuletsa chiswe ndi chinyezi.

MALO A EKISERO

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo amisiri ambiri amangopayeza ndi maso. Ngolo ya magudumu awiri iri ngati sikelo. Ekisero ndiyo pakati pa sikeloyo, ndipo kulemera kumene magudumu sananyamule kupita pa makosi a ng'ombe.

Ekisero ikakhala kumbuyo kwambiri, katundu alemerera kutsogolo, goli nkumapanikiza makosi ulendo wonse. Zironda za pa khosi ziyambira pamenepo, ndipo ng'ombe ya chironda siilola goli, ngakhale nthawi yolima itafika. Ekisero ikakhala kutsogolo kwambiri, katundu alemerera kumbuyo, mtengo wokokera nkumanyamuka. Pamenepo zingwe za kunsi kwa khosi zikoka ng'ombe pa m'mero. Pokwera mtunda ngolo ipendekera kumbuyo koposa, ndipo ng'ombe ingathe kutsamwa ndi kugwa.

Malo oyenera ndi kumbuyo pang'ono kwa pakati peni-peni pa bokosi, kuti mtengo wokokera uzitsamira pa goli mopepuka. Pa bokosi la mapazi 7, pakati ndi mapazi 3 ndi theka. Lembani mzere pamenepo, bwererani kumbuyo mainchi 4, ndipo ekisero ikhale pa mzere wachiwiriwo.

Onani kusiyana kwache. Tiyese kuti mwapakira matumba 16 a makilogalamu 50, ndiwo makilogalamu 800, mwawayala bwino m'bokosi monse, ndipo kuchokera pa ekisero kufika pa goli pali mapazi 12. Ekisero ikakhala mainchi 4 kumbuyo kwa pakati, kulemera kwa katundu kofika pa goli kukhala pafupi-fupi makilogalamu 22, ndipo ng'ombe ziwiri zigawana. Mukaibweza kumbuyo phazi lathunthu, kulemerako kupitirira makilogalamu 60. Ndiko kuti mwasenzetsa makosi a ng'ombe thumba lathunthu ndi kuonjezapo, pamwamba pa nchito yokoka. Mainchi 8 okha ndiwo achita zimenezi.

Mangani ekisero ku mitanda ndi mabauti opindika ozungulira chitsulocho, amene alola kuisendeza ngati mwaona kuti siinakhale bwino. Musanawamangitse, yezani ndi chingwe kuchokera ku nsonga ya mtengo wokokera kufika ku mapeto onse awiri a ekisero. Miyeso ikasiyana ngolo idzayenda chammbali ngati nkhanu, matayala adzatha mbali imodzi, ndipo ng'ombe imodzi idzakoka koposa inzache.

MTENGO WOKOKERA NDI GOLI

Mtengo wokokera ukhale wowongoka, wopanda mfundo zazikulu, wochindikala ngati mainchi 4. Usathere pa thabwa la kutsogolo ai. Upitirire kunsi kwa bokosi kufikira pa ekisero, ndipo umangidwe ndi mabauti ku mitanda yopingasa iwiri kapena itatu. Onjezani zitsulo ziwiri zochokera ku ngodya za kutsogolo za bokosi kudzakomana pa mtengowo, kuti usamasunthire m'mbali pokhota.

Kutsogolo kwa bokosi utuluke ngati mapazi 8, koma yezani pa ng'ombe zanu zomwe. Zikamangidwa m'goli, miyendo yao ya kumbuyo isagunde bokosi ngakhale pokhota. Bokosi likhale lathyathyathya, losapendekera kutsogolo kapena kumbuyo. Goli la ngolo litalike pang'ono koposa la pulawo, popeza mtengo wokokera upita pakati pa ng'ombe. Lipaleni bwino pamene ligunda khosi, pasakhale pokanda. Abulu asamangidwe m'goli la ng'ombe, pakuti makosi ao sanapangidwire goli. Iwo akoka ndi malamba a pa chifuwa, ndipo afuna ngolo yopepuka.

BULEKI

Ngolo zambiri za m'midzi ziribe buleki, ndipo eni ache amati ng'ombe zidzaimitsa zokha. Pa chigwa zitero. Koma pa mtsetse ngolo yolemera ikankha goli kufikira ku nyanga, ng'ombe nkuyamba kuthamanga pothawa, ndipo woyendetsa alibe chogwira.

Ngati ekisero yanu ikali ndi buleki ya pamanja ya galimoto, musaichotse. Pemphani makaniko aikonze ndi kulumikiza waya wache ku chogwirira chimene woyendetsa angachifikire. Ngati palibe, pachikani mtanda wolimba wopingasa kumbuyo kwa magudumu, wokhala ndi zipika ziwiri zoyang'anana ndi matayala, ndi mtengo wokokera zipikazo kuti zipanikize matayala onse awiri pamodzi. Musamange gudumu ndi unyolo kuti liziguguzika, pakuti tayala lidzadyeka malo amodzi. Nyamulaninso chipika cha mtengo chotsekera gudumu mukaima pa mtunda kuti ng'ombe zipume.

KUYESA NGOLO ISANAPITE KUTALI

1. Tsukani mabering'i ndi parafini, aumeni, ndi kuwadzaza girizi watsopano. Ngati ekisero iri ya kumbuyo ya galimoto, onani kuti muli oilo m'chimimba chache chapakati ndi kuti sakudontha.

2. Mangani manati onse a magudumu. Popani matayala mofanana.

3. Pakirani katundu, ng'ombe musanazimange, mtengo wokokera uli pa chitsa. Munthu mmodzi wamkulu autukule ku nsonga. Akautukula ndi manja awiri osavutika, ndipo suthawira m'mwamba, ngolo yakhala bwino. Akalephera, kapena mtengowo ukanyamuka wokha, sendezani katundu kapena ekisero.

4. Yendani ndi ngolo yopanda kanthu poyamba, kenaka ndi matumba 5, ndi kumaonjeza pang'ono-pang'ono. Mutayenda mtunda umodzi gwirani pakati pa gudumu. Pakatentha kwambiri, mabering'i athina kapena asowa girizi.

5. Itatha sabata yoyamba, manganinso mabauti onse.

Matumba 16 aja ndi a ng'ombe zamphamvu pa njira youma ndi yosalala. Pa mchenga, pa matope kapena pa phiri chepetsani ndi theka. Yendani m'mawa kapena madzulo kukazizira, ndipo ng'ombe zimwe madzi. Mukamasula goli yang'anani makosi. Mukaona kutupa kapena ubweya wothothoka, pumitsani ng'ombeyo ndi kufufuza chimene chalakwa pa goli kapena pa kapakiridwe.

PA MSEU WAUKULU

Ng'ombe ziyenda ngati munthu wapansi, pomwe galimoto ya pa mseu wa M1 ifika pa inu m'kanthawi kochepa. Woyendetsa galimoto sangapewe chimene sanachione. Chifukwa chache khomani zonyezimira ziwiri zofiira kumbuyo kwa ngolo, china ku ngodya ya kumanja china ku ngodya ya kumanzere, ndi zoyera ziwiri kutsogolo. Zipukuteni zikachita matope, ndipo katundu kapena chiguduli chisaziphimbe. Thabwa la kumbuyo mulipake utoto woyera kapena wachikasu.

M'Malawi magalimoto ayenda ku dzanja lamanzere, ndipo ngolo itero nayonso. Khalani m'mphepete kweni-kweni. Kumene kuli njira ya dothi pambali pa tara, tsatani imeneyo, pakuti tara adya ziboda za ng'ombe. Yesetsani kufika ku mudzi dzuwa lisanalowe. Ngati kwakuderani, munthu ayende ndi nyali kapena tochi yooneka kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Podutsa mseu munthu mmodzi atsike ndi kutsogolera ng'ombe, ndipo musadutse pokhota kapena pamwamba pa chitunda pamene simuona patali. Ana ang'ono asayendetse ngolo okha pa mseu waukulu, ndipo munthu asakhale pa mtengo wokokera ngolo ikuyenda. Akagwa, gudumu liri pambuyo pache pomwepo.

NGOLO YOKOKEDWA NDI GALIMOTO

Ena angafune kumanga ngolo yotere kumbuyo kwa galimoto. Musatero. Ngolo ya ng'ombe inapangidwira liwiro la ng'ombe. Yokokedwa ndi galimoto ifuna mitanda ndi chokokera zachitsulo, masipiring'i, nyali za kumbuyo zoonetsa kuima ndi kukhota, ndi unyolo wogwira ngolo ngati chokokera chamasuka. Lamulo la za pa mseu la chaka cha 1997 lifunanso kuti ngolo yotere ilembetsedwe ndi kukhala ndi nambala yache. Amene afuna kupanga yoteroyo ayambe wafika ku ofesi ya Road Traffic kukamva zofunika asanagule chitsulo.

KUSAMALA NGOLO

Sungani ngolo pa mthunzi kapena m'chisakasa, pakuti dzuwa ling'alula matayala ndipo mvula ioletsa matabwa. Tsukani bokosi mukatuta manyowa kapena feteleza, chifukwa zimenezi zidyetsa mabauti dzimbiri. Thirani girizi nthawi yokolola isanayambe ndiponso mvula ikatha.

Ngati ndalama sizikwanira mlimi mmodzi, abale kapena a kalabu angasonkherane ndi kupanga ngolo imodzi, nagwirizana kuti wosunga ndani ndi wokonza ndani ikaonongeka. Musanayambe, pitani kwa mlimi amene ngolo yache yatha zaka ikuyenda, mukaiyeze ndi chingwe. Funsaninso Mlangizi wa za ulimi ndi Mlangizi wa ziweto a m'dera lanu. Safunsa anadya phula.