EJENTI AKASINTHA MALO OGONA PA CHUTHI CANU, MUSANGOTI ZIKOMO

Mwezi wa December ukayandikira, nkhani imene imveka ku Eiffel Flats, ku Chakari ndi ku Pickstone ndi imodzi yokha: ndani apita kumudzi caka cino? Ambiri a ife okhala muno mu Pfupajena ndi ku Rimuka tiri ana ndi adzukulu a anthu amene anacokera ku Malawi kudzakumba golide, masiku amene Chegutu inali kudziwika ndi dzina lakuti Hartley, ndi Kadoma dzina lakuti Gatooma. Maina aja anasintha mu 1982, koma mtima wofuna kuona kwathu sunasinthe ai.

Makolo athu sanali kusankha pogona pa ulendo. Anali kuyenda pansi kapena pa malole a Ulere, nagona m'misasa ya m'njira pali ponse pamene anawaloza. Ife lero tipereka ndalama zathu kwa ejenti wa za maulendo, ndipo iye atigulira matikiti a basi, natisungira cipinda ku hotela kapena ku loji. Munthu amene walipira ali ndi mau pa cinthu cimene walipirira. Tsono, abale anga a pa mgodi, ndifuna kuti tiuzane coyenera kucita ngati ejenti asintha malo ogona amene munapangana.

BEDI SI BEDI CABE

Caka catha ndinafuna kuti ana anga atatu, onse obadwira kuno, akaone Nyanja ya Malawi tisanafike kwa agogo ao. M'mwezi wa October ndinalipira ejenti wina zipinda ziwiri pa loji ya m'mphepete mwa nyanja kufupi ndi Monkey Bay, masiku atatu, pamodzi ndi cakudya ca m'mawa. Pa risiti panalembedwa dzina la lojiyo, masiku ace, ciwerengero ca zipinda, ndiponso kuti ndinapereka madola a ku America.

Kutatsala masiku asanu kuti tinyamuke, ndinalandira mau pa WhatsApp akuti loji ija yadzaza, ndipo atiika ku resitihausi ya pa boma la Mangochi, cipinda cimodzi ndi matiresi apansi. Amene adziwa dziko lija adziwanso kuti boma la Mangochi liri pa mtsinje wa Shire, ndipo kucokera pamenepo kufika ku Monkey Bay ndi makilomita oposa 60.

Nditapita ku ofesi, mai wa pa tebulo anati, "Bambo, musabvutike, bedi ndi bedi." Analozanso cikwangwani ca pa khoma conena kuti ndalama zikalowa sizibwezedwa. Ine ndinati, "Mai, bedi ndiri nalo kunyumba. Cimene ndinagula kwa inu ndi cakuti ana adzuke m'mawa nyanja iri pakhomo." Ndinawasiyira kalata, ina yofanana nayo nditasunga, yopempha malo ena ofanana ndi oyamba aja kapena ndalama zanga zonse, ndipo ndinachula m'kalatamo lamulo loteteza ogula. Tsiku lacitatu anatipezera loji ina ya pa mcenga, ndipo ndalama zoonjezera analipira okha.

LAMULO LITI CIANI?

Coyamba ndi ici: pamene mwalipira ndipo ejenti walandira, pakhala pangano. Pangano ndi la anthu awiri, ndipo mmodzi sangathe kulisintha yekha popanda mnzace kubvomera. Tonse tidziwa zimenezi pa nchito. Munthu amene analembedwa nchito ya pamwamba sangangouzidwa m'mawa kuti malipiro ace atsika cifukwa kampani yaona kuti ndi bwino cotero.

Caciwiri, muno m'Zimbabwe muli lamulo la Consumer Protection Act la caka ca 2019, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la Consumer Contracts Act. Lamulo limeneli liletsa wamalonda kunena zabodza kapena zosoceretsa pa cinthu cimene agulitsa. Liletsa mau a m'pangano okondera wogulitsa mopanda cilungamo. Liletsanso zikwangwani zonena kuti ndalama sizibwezedwa, monga cija ca pa khoma. Cotero cikwangwani cotere cisakuopseni. Si cikwangwani cimene ciweruza mlandu.

Maiko ena ali ndi malamulo onga omwewa. Anzathu a ku Joni ali ndi lamulo loteteza ogula la 2008, limene pa cigawo 47 liti wamalonda amene walandira ndalama nalephera kupereka malo amene anasungitsa abweze ndalamazo pamodzi ndi ciongola dzanja, pokhapokha atapereka malo ena ofanana ndipo wogula wabvomera, kapena wakana popanda cifukwa comveka. Ku Britain malamulo a 2018 ati, ngati kampani isintha cinthu cacikuru pa ulendo umene inagulitsa wonse pamodzi, munthu angathe kukana ulendowo nalandira ndalama zace pasanathe masiku 14.

KUSINTHA KWAKUNG'ONO NDI KWAKUKURU

Tinene zoona, si kusintha kuli konse kumene kuyenera mlandu. Ngati akucotsani m'cipinda namba 4 nakuikani m'namba 7 pa hotela yomweyo, zipinda ziri zofanana, palibe cimene mwataya. Koma kusintha ndi kwakukuru ngati akuikani m'mzinda wina kapena kutali ndi cimene munapitira. Ngati malo atsopanowo ndi otsika mtengo kuposa amene munalipira. Ngati zipinda zacepa kotero kuti makolo ndi ana akuru agone pamodzi, cinthu cimene mwambo wathu sulola. Kapena ngati acotsa cakudya cimene cinali m'pangano.

Pa kusintha kwakukuru pali njira zitatu, ndipo wosankha ndinu. Mungathe kulandira malo ena ofanana kapena oposa, osaonjeza khobiri. Mungathe kulandira malo otsikirapo, ejenti nakubwezerani ndalama zotsalazo. Kapena mungathe kukana zonse ndi kuitanitsa ndalama zanu.

MUSANALIPIRE

Akuru anati cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Zithunzi za pa foni zikongola zonse. Cifukwa cace citani izi musanaturutse ndalama.

Funsani ejenti ciphaso cace. Bungwe la Boma la Zimbabwe Tourism Authority ndilo lilemba m'kaundula ma ejenti a za maulendo ndi malo ogona alendo. Munthu amene ofesi yace ndi foni ya m'thumba yokha, akathawa simudzamupeza.

Onetsetsani kuti pa risiti palembedwa dzina leni-leni la hotela, mudzi kapena mzinda umene iri, masiku, zipinda zingati, ndi cakudya ngati ciripo. Mukaona mau akuti "kapena malo ena ofanana nao," funsani maina a malo enawo, ndipo alembedwe.

Palembedwenso mtundu wa ndalama zimene mwapereka. Kuyambira April 2024 tiri ndi ndalama ya ZiG pamodzi ndi madola a ku America, ndipo munthu amene analipira madola sayenera kukangana pa tsiku lobweza za ndalama imene adzalandira. Mukalipira pa EcoCash, musafafanize mau otsimikiza aja.

Pomariza, imbani foni nokha ku hotelako, nimufunse ngati dzina lanu liri m'buku mwao ndi ngati ejenti walipira. Safunsa anadya phula.

ZIKACITIKA

Mukauzidwa za kusintha musanacoke, musayankhe ndi pakamwa pokha. Lembani kalata kapena mau a pa foni onena kuti simubvomera, cimene mufuna, ndi tsiku limene mufuna yankho. Musatukwane, pakuti mau anuwo adzawerengedwa ndi oweruza. Ejenti akati colakwa ndi ca hotela, muuzeni kuti amene analandira ndalama zanu ndiye, ndipo za hotela akakambirane yekha.

Bvuto lalikuru ndi pamene mudziwa za kusintha mutafika kale. Mwaoloka pa Nyamapanda, mwadutsa mlatho wa Zambezi ku Tete, mwacedwa pa Zobue ndi pa Mwanza, mwatsika pa Wenela mu Blantyre ana ali ndi tulo, ndiye akuuzani kuti malo anu kulibe. Gonani pamene akupatsani, pakuti ana sangagone pa bwalo. Koma usiku womwewo tumizani mau kwa ejenti akuti mwagona mokakamizika ndipo simunabvomere kusinthako. Jambulani cipindaco, funsani mtengo wace, nimusunge marisiti a minibasi ndi a cakudya cimene mwagula cifukwa ca kusinthako. Munthu amene agona masiku onse ali cete, nadzadandaula mu January, adzamva ejenti akuti, "Koma munabvomera."

Ejenti akakana kukonza, pitani ndi mapepala anu ku Consumer Protection Commission, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 lija, kapena ku Consumer Council of Zimbabwe, bungwe limene liripo kuyambira 1975 ndipo liyanjanitsa ogula ndi ogulitsa. Onse awiri ali ndi maofesi ku Harare. Kulinso bwalo la milandu ing'ono-ing'ono ya ndalama. Funsani kalaliki wa ku khoti la majisitireti za njira yace. Ngati amene analandira ndalama zanu ndi wamalonda wa ku Malawi, dandaulo lipite ku Competition and Fair Trading Commission ku Lilongwe.

Anzathu Acishona amene tikhala nao ali ndi mwambi wakuti mwana wosalira amafera mu mbereko. Ndalama ya chuthi ndi thukuta la miyezi khumi ndi iwiri, ndipo ena a ife tiipeza pansi pa nthaka pamene dzuwa silifika. Sungani nyuzipepala ino pamodzi ndi pasipoti yanu, nimuwerengere mnzanu wa pa shifiti amene sadziwa kuwerenga. Yendani bwino, mukapereke moni kumudzi.