Mwera: mphepo yoopsa imene imadyetsanso nyanja yathu

Chaka chilichonse kuyambira mu Meyi mpaka cha mu Ogasiti, asodzi m'madoko athu amagona kumtunda masiku angapo chifukwa cha Mwera. Pa misonkhano ya ma BVC timafunsidwa kawirikawiri kuti: kodi mphepoyi imachokera kuti, nanga bwanji siphonya nyengo yake?

Gwero lake ndi dzuwa

Dziko lapansi limazungulira dzuwa kamodzi pa chaka, koma silinaime chilili. Ndi lopendekeka ndi madigiri 23.5. Mu Disembala mbali ya kummwera, kumene kuli Malawi, ndi imene imaweramira ku dzuwa, choncho kuno kumatentha. Mu Juni imaweramirako ndi mbali ya kumpoto, ndipo ife timamva chisanu. Amene mumalawirira pa nyanja mukudziwa kuti mu Juni dzuwa limatulukira chakumpoto pang'ono, pamene mu Disembala limatulukira chakummwera.

Mpweya ukatentha umapepuka n'kukwera, ndipo wozizira umathamangira pamalo pamene winawo wachoka. Kuthamangako ndiye mphepo. M'nyengo yozizira kutentha kumakhala kuli kumpoto, motero mpweya wozizira wochokera ku nyanja ya mchere ya India umalowera komweko kudzera kwathu kuno. Umenewu ndiye Mwera. Umakula mphamvu chifukwa nyanja ya Malawi, yotalika makilomita opitirira 550, inagona kuchokera kummwera kupita kumpoto pakati pa mapiri ngati ngalande. Dzuwa likabwerera kummwera, mphepo imatembenuka: Mpoto umayamba ndipo mvula imagwa.

Zimene Mwera umachita pansi pa madzi

Nyanja yathu ndi yakuya mamita pafupifupi 700 chakumpoto. Madzi ofunda amakhala pamwamba, ozizira pansi, ndipo sasakanikirana wamba. Zinyalala za zomera ndi nsomba zakufa zimamira n'kuolera pansipo, n'kusanduka ngati manyowa.

Mwera ukaomba masiku ambiri umakankhira madzi a pamwamba kumpoto. Kummwera, cha ku Mangochi, madzi ozizira a pansi amakwera kudzatseka malowo, atanyamula manyowa aja. Ndere zing'onozing'ono zimachuluka, tizilombo ta m'madzi timadya nderezo, usipa ndi utaka zimadya tizilomboto, kenaka ncheni ndi nsomba zina zikuluzikulu zimadya usipa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene chigawo cha kummwera chimakhalira ndi nsomba zambiri.

Komabe madzi a pansi kwambiri, kupitirira mamita 250, alibe mpweya umene nsomba zimapuma. Akakwera mwadzidzidzi, nsomba zikhoza kufa n'kuyandama. Mukaona zotere musatole zodya kapena zogulitsa, koma dziwitsani mlangizi wa za nsomba msanga kuti zifufuzidwe.

Mwera sapikisana nawo

Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanjayi chifukwa cha mphepo yamkuntho, ndipo anthu 145 anafa. Ngati sitima yachitsulo inagonja, nanga bwato?

Popeza nyengo ya Mwera imadziwikiratu, tikupempha makomiti onse kuti:

1. Azimvetsera pa wailesi machenjezo a nthambi yoona za nyengo ndi kulengeza pa doko asodzi asananyamuke.

2. Agwirizane ndi amfumu lamulo loti chenjezo likaperekedwa, boti kapena bwato lisalowe m'madzi.

3. Akambirane ndi eni zida kuti asakakamize anyamata awo kupita ku chilimira nyanja itakwiya.

4. Azilemba m'kaundula mabwato amene alowa ndi amene abwerako.

5. Alimbikitse mabanja kusunga ndalama pang'ono nsomba zikamaphedwa bwino, kuti njala isakankhire munthu pa mafunde.

Masiku ogona kumtunda si otayika. Tisoke maukonde, timate mabwato ndi kukonza mathandala. Nthawi imeneyo Mwera amakhala akutilimira munda, ndipo adzakolole ndi amene ali moyo.