Barbecue: Nkhani ya Ndevu ndi Mchira Ndi Yopeka

Anthu ena amati mawu a Chingerezi akuti barbecue anachokera ku Chifalansa, barbe à queue, kutanthauza "kuyambira kundevu mpaka kumchira", ati chifukwa nyama ankaiwotcha yathunthu. Kankhanika kamakoma m'khutu, koma akatswiri a mbiri ya mawu anakakana kalekale, popeza palibe umboni woti mawuwa anadzera ku France.

Kwawo kwenikweni ndi ku zisumbu za Caribbean. Asipanishi atafika kumeneko anapeza anthu a mtundu wa Taíno akumanga thandala la timitengo pamwamba pa mphanda, ndipo dzina lake analilemba kuti barbacoa. Mmodzi mwa iwo, Gonzalo Fernández de Oviedo, analiika m'buku lake la mu 1526. Pansi pa thandalalo ankasonkha moto wochepa, nyama kapena nsomba n'kumauma ndi utsi, monga amawambira nsomba asodzi a kunyanja kwathu kuno.

Thandalali silinali la nyama yokha. Ena ankasungirapo chimanga, ena ankagonapo. William Dampier, Mngerezi wa maulendo apanyanja, analemba mu 1697 kuti iye ndi anzake ankagona pa mathandala otere, ndipo mawu amene anatchula ndi omwewa. Ndiye kuti nthawi imeneyo munthu ankatha kunena kuti wagona pa barbecue, osadabwitsa aliyense.

Nanga bodza la ndevu linalimba bwanji? Mwina n'chifukwa choti nyama yathunthuyo inalipodi. Samuel Johnson, mu dikishonale yake ya mu 1755, anamasulira mawuwa kuti ndi kakonzedwe ka nkhumba yathunthu, ndipo kum'mawa kwa North Carolina, ku America, amaiphikabe choncho, n'kuithira msuzi wa viniga.

Ambiri amaganizanso kuti bola nyama yagona pa makala, basi ndi barbecue. Ku Britain ndi ku Australia angavomere. Koma ukakanene zimenezo ku Texas, akuseka. Kumeneko kuwotcha mwachangu pa moto waukali amakutcha grilling. Barbecue ndi moto wochepa, utsi wa nkhuni zosankhidwa, ndi kudikira. Chidale cha ng'ombe chimatha maola 12 kapena kuposa, mpaka mitsempha yake yolimba ija isungunuke, nyama n'kumanyotsoka ndi zala. Ine ndili kumbali ya a ku Texas, chifukwa kaphikidwe kawo ndi kamene sikanatalikirane ndi thandala la Ataíno. Ku Mexico nako mawu akuti barbacoa akadali moyo: m'chigawo cha Hidalgo amakulunga nyama ya nkhosa m'masamba a chomera cha maguey, n'kuikwirira m'dzenje lotentha usiku wonse.

Braai amene tinamutengera ku South Africa alibe ubale ndi zonsezi. Ndi mawu a Chiafirikanzi, ochokera ku mawu a Chidatchi akuti braden, kutanthauza kuwotcha nyama.